Malungo a Kamera

Kumapeto kwa kabuku kamene kamabwera ndi kamera yatsopano kuli mzere umodzi umene anthu ambiri sauwerenga. Umanena kuti chipangizocho chinapangidwa kuti chizigwira ntchito pakati pa madigiri 0 ndi 40. Amene analemba mzerewo sananame, koma zikuoneka kuti sanaimepo pabwalo la mudzi wa ku Lundazi m'mwezi wa Okutobala, mitengo itayoyoka masamba, mvula ikadali kutali, nkhuku zikuyenda kukamwa kuli yasa. Mpweya wa pabwalopo ukhoza kukhala pansi pa 40, koma chinthu chakuda chikakhala padzuwa chimatentha kuposa mpweya. Aliyense amene anakhalapo pa chishalo cha njinga imene yakhala panja masana onse amadziwa zimenezi. Onjezerani moto umene kamera imadzipangira yokha m'kati ikamajambula vidiyo, mupeza kuti malire aja adutsidwa kalekale.

Ambiri a inu amene mukuwerenga muli ndi kamera, kapena mukusunga tindalama kuti mugule. Ku Matero, ku Chawama, ku Mtendere ndi m'makomboni ena, kamera yasanduka khasu. Imalima pa maukwati, pa maphwando a akwati, pa maliro, ndi pa nyimbo za anyamata ofuna kutchuka. Choncho nkhani ya kutentha kwa kamera ndi nkhani ya nsima ya mawa. Kamera ikazima pamene mkwati akunena malonjezo, abusa sabwereza, ndipo mwini ukwati sadzakuitananinso. Yanga inazima pa chinthu china chimenenso sichibwerezedwa wamba.

Ndimaphunzitsa sayansi pa sekondale ina mu Lusaka. Ambuya, amene anabereka amayi anga, amakhala m'mudzi wina m'boma la Lundazi, ndipo zaka zawo zapitirira makumi asanu ndi atatu. Pa abale awo onse atsala okha. Ndiwo akudziwa kuti wakuti anakwatiwa kuti, munda wakuti unali wa yani, ndi nyimbo zimene akazi ankaimba pamtondo zigayo zisanafike. Mu Okutobala 2024 ndinapempha masiku kusukulu kuti ndilumikize ndi tchuthi cha ufulu, n'kukwera basi ya makilomita oposa 700, kudzera ku Chipata, nditanyamula kamera ya mirrorless imene ndinagula kwa munthu, mabatire awiri, kadi imodzi ndi miyendo itatu yoimikapo kamera. Ndinali ndi masiku atatu okha.

Lachinayi, pa 24, dziko linkakwanitsa zaka 60 lili pa ufulu. Wailesi ya amalume inali kulira pakhonde chiyambire m'mawa. Cha m'ma 11 koloko Ambuya anakhala pamphasa pansi pa mtengo wa mango, ine n'kuimika kamera. Tinayamba ndi zopepuka: mitengo ya mchere kale, nsalu yoyamba imene anagula, mmene ankaendera pansi kupita ku boma. Kenako, osafunsidwa, analoza wailesi ija ndi chibwano n'kunena kuti, "Chaka chimene akuimbiracho, ife tinagona kuthengo."

Ndinadziwa chimene ankanena, koma kuchokera m'mabuku chabe. Mu 1964, miyezi yochepa ufulu usanabwere, kunabuka nkhondo pakati pa otsatira mpingo wa Lumpa, umene unayambitsidwa ndi Alice Lenshina ku Chinsali, ndi anthu a chipani cha UNIP pamodzi ndi asilikali a boma. Kuchiyambi kwa Ogasiti chaka chimenecho, tauni ya Lundazi inaukiridwa usiku ndipo anthu ambiri anafa. Mpingowo unaletsedwa, Lenshina anadzipereka m'manja mwa boma mwezi womwewo, ndipo chiwerengero cha boma chinaika onse amene anafa pa anthu oposa 700. Otsatira ake ambiri anathawira ku Congo. Zimenezi timaziphunzitsa m'ndime ziwiri. Kwathu sindinamvepo munthu akuzitchula, ndipo amayi anga nawonso anakula osazimva.

Ambuya anati anali ndi mwana kumbuyo. Anati anali ndi mkulu wawo wamkazi. Atangofika pa mawu amenewo, pa sikirini panaoneka kachizindikiro kachikasu kooneka ngati choyezera malungo kuchipatala. Posakhalitsa kanafiira, kamera inalemba kuti yatentha, n'kuzima. Inali itajambula mphindi 19. Nditaigwira inali ngati mbale imene yangophulidwa nsima. Ambuya anaona ndikuimirira, anaona nkhope yanga, n'kutseka pakamwa. Ndinawapempha kuti adikire pang'ono chabe kuti chinthucho chizizire.

"Aphunzitsi," anatero, chifukwa ndi mmene amanditchulira akafuna kundiseka, "ine sindine wailesi yoti muzitsegula ndi kutseka."

Anapempha madzi, n'kulowa m'nyumba. Tsiku limenelo sanabwererenso ku nkhaniyo.

Usiku umenewo ndinaganiza monga mmene ndimauzira ana m'kalasi: usanathamangire mankhwala, dziwa matenda. Kamera imasiya kujambula pa zifukwa zingapo, ndipo anthu amazisakaniza. Batire ikhoza kutha. Kadi ikhoza kukhala yochedwa kulemba, makamaka zija zotchipa za pamsika zimene zilembo zake zimalonjeza zimene m'kati mulibe, ndipo pamenepo kamera imadandaula za kadi. Makamera ambiri akale amaima okha pa mphindi 29 ndi masekondi 59. Chimenecho si kutentha. Ku European Union, chipangizo chojambula vidiyo kwa mphindi 30 kapena kuposerapo chinkawerengedwa ngati kamera ya vidiyo ndipo chinkalipitsidwa msonkho wokwera, choncho opanga anaika malire kuti azembe msonkhowo. Ife kuno tinalandira malire a msonkho wa eni ake. Yanga inali ndi batire yodzaza theka, kadi yabwino, ndipo inaima pa 19 itaonetsa choyezera malungo. Matenda anali odziwika.

Moto umenewu uli ndi kochokera. Kamera ya mirrorless ilibe kagalasi kaja kamene m'makamera a DSLR kamatumiza kuwala molunjika ku diso la wojambula. Chithunzi chimene mumaona pa sikirini chimachokera pa sensa, choncho sensa imakhala maso chiyambire pamene mwayatsa, ngakhale musanadine batani lofiira. Mukayamba vidiyo, sensa imawerengedwa ka 25 kapena ka 50 pa sekondi iliyonse, purosesa imafinya zithunzizo kuti zichepe, kadi imalemba, batire imakhetsa mphamvu. Ana anga a giredi 10 amadziwa kuti mphamvu sitayika, imangosintha maonekedwe. Pafupifupi magetsi onse amene kamera imadya amathera ku kutentha. Ndiye onani nyumba imene motowo ukuyakamo: kathupi kakang'ono kokwana m'manja, kopanda fani, komata bwino kuti fumbi ndi mvula zisalowe. Chimene chimaletsa fumbi kulowa chimaletsanso kutentha kutuluka. Kamera ikazima yokha imakhala ikudziteteza kuti ziwalo zake zisapse.

Si vuto la makamera otchipa okha. Mu 2020 kampani ya Canon inatulutsa EOS R5, kamera ya ndalama zambiri imene inkajambula 8K, ndipo dziko lonse la ojambula linadzaza ndi madandaulo a kutentha. Kampaniyo inanena yokha kuti pa 8K kamerayo imatha pafupifupi mphindi 20 m'malo a madigiri 23. Pambuyo pake inatulutsa firmware yowongolera zinthu, ndipo mu 2022 inatulutsa R5 C imene ili ndi fani m'kati. Panasonic anali ataika kale fani mu S1H mu 2019, ndipo Sony anaika mu FX3 mu 2021. Nambala imene inandikhala m'mutu ndi 23 ija. Kwa ife amenewo ndi masana a mu Juni, pamene anthu avala majuzi. Malonjezo a pa bokosi amayesedwa m'nyengo imene kuno timaitcha yozizira.

Lachisanu m'mawa ndinapeza wondithandiza, msuweni wanga, mwana wa amalume, mtsikana wa giredi 9. Ndinamupatsa kope ndi foni yowerengera nthawi. Lamulo linali limodzi: tisinthe chinthu chimodzi chokha nthawi iliyonse, ndipo kamera izizizira kaye tisanayesenso. Tinkajambula nkhuku ndi mbuzi, chifukwa izo sizikhumudwa ukazidula pakati.

Padzuwa, pa 4K, sikirini itatsekedwa pathupi la kamera, inazima pa mphindi 11. Pansi pa mango inafika 18, pafupi ndi dzulo lake. Titatambasula sikirini kuti italikirane ndi thupi, inafika 24, chifukwa sikirini ikamatirira kumbuyo imakhala ngati bulangeti pamalo pomwe kutentha kumatulukira. Titazimitsa Wi-Fi ndi Bluetooth, n'kuchepetsa kuwala kwa sikirini, tinapindula mphindi zina zitatu. Tinazimitsanso chija choletsa chithunzi kugwedezeka, popeza kamera inali pa miyendo yake ndipo sichinkafunika. Titatsegula kachitseko ka batire kuti mpweya uzilowa, tinadutsa theka la ola. Msuweni wanga ankalemba zonse m'mizere yowongoka, ndipo pofika masana anali atayamba kulosera nambala tisanayese.

Manambala amenewa ndi a kamera yanga, pa tsiku limenelo, pabwalo limenelo. Yanu idzapereka ena. Chimene mungatengepo ndi kachitidwe kake. Muyeseni mnzanuyu kunyumba, pa nthawi ya tsiku imene mudzamugwiritse ntchito, tsiku la ukwati lisanafike. Mudziwe kuti amatopa pa mphindi zingati, monga mmene woyendetsa ngolo amadziwira ng'ombe zake.

M'makamera ena, monga a Sony, muli malo m'menyu otchedwa Auto Power OFF Temp., pomwe mungasankhe High. Anthu ambiri amaganiza kuti akasankha pamenepo ndiye kuti kamera yachira. Chimene chimachitika n'chakuti mwaiuza kuti ipirire kutentha kochuluka isanazime. Imajambula nthawi yaitali ndithu, koma thupi lake limatentha moti likhoza kuwotcha khungu mukaligwira nthawi yaitali, n'chifukwa chake opanga amalangiza kuti ikhale pa miyendo itatu. Palinso kabatire kabodza kokhala ndi chingwe, kamene kamalowa m'malo mwa batire n'kumakoka magetsi ku pawabanki ili panja. Kamathandiza chifukwa gwero limodzi la moto latuluka m'nyumba. Ine ndinalibe, ndipo kumudzi kunalibe kokagula. Chaka chimenecho chinali cha chilala, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi tsoka la dziko mu Febuluwale, madzi ku Kariba anali atatsika, ndipo malaiti anali osowa ngakhale m'tauni. Mabatire anga awiri ankadalira sola ya pa kagolosale, pamzere umodzi ndi mafoni a mudzi wonse. Mphindi iliyonse yoyesera inali ndi mtengo wake.

Anthu a pamudzi sanangoonerera. Amalume anati tikulunge kamera m'kansalu konyowa, monga amachitira ndi botolo la madzi akamapita kumunda. Nzeru yake ndi yoona: madzi akamauma amatenga kutentha, ndipo n'chifukwa chake madzi a mumtsuko amazizira kuposa a m'chigubu. Koma chinyezi ndi mdani wa zamagetsi. Mwini golosale anati tiike mu filiji yake ya zakumwa kwa mphindi zisanu. Pamenepo m'poopsa kwambiri, chifukwa chinthu chozizira chikatulukira mu mpweya wotentha chimachita mame, monga botolo la chakumwa limachitira thukuta, ndipo mame amenewo amapangika m'kati mwa lenzi ndi pa mawaya pomwe nsalu singafike. Mwana wina anabwera ndi lichero n'kuyamba kuikupiza. Imeneyo inagwira ntchito, ndipo tinaseka, koma titamvetsera zimene tinajambula munali mphepo yokhayokha. Lichero tinalisunga kuti lizithandiza pa nthawi yopuma.

Chimene chinandidabwitsa ndi nyumba. Ya amalume ndi ya njerwa ndi malata, ndipo ndiyo imene mlendo amaonetsedwa monyadira. Masana m'kati mwake munali ngati mu uvuni, ndipo kamera inkachedwa kuzizira. Kakhitchini ka Ambuya n'kofolera ndi udzu, pansi n'pozira ndi dothi. Titaika kamera pansi pamenepo, pafupi ndi mtsuko, batire ndi kadi titazitulutsa, zitseko zake zili zotsegula, inkazizira msanga kwambiri. Udzu sulola dzuwa kudutsa monga amachitira malata, ndipo mpweya umayenda pansi pa denga. Amene anamanga kakhitchiniko sanaphunzire za kayendedwe ka kutentha, koma anayankha funso limene mainjiniya a kamera yanga analisiya.

Kuyesa komaliza n'kumene kunandivuta mumtima. Tinatsitsa kuchoka pa 4K kupita pa 1080p, zithunzi 25 pa sekondi. Kamera inajambula mbuzi kwa ola lathunthu osaonetsa chizindikiro chilichonse, mpaka tinaizimitsa tokha posunga batire. Chifukwa chake n'chosavuta. Chithunzi cha 4K chili ndi timadontho 3840 m'litali ndi 2160 m'lifupi, toposa mamiliyoni asanu ndi atatu. Cha 1080p chili ndi 1920 ndi 1080, topitirira pang'ono mamiliyoni awiri. Katundu amene purosesa ikufinya ndi kulemba amachepa kanayi. Ndipo 4K yolembedwa pa mamegabiti 100 pa sekondi imadya magigabaiti 45 pa ola, zimene palibe m'bale wanga angazitsitse ndi mabando a pa foni.

Komabe ndinkafuna 4K. Ndinkaganiza za ana amene sanabadwe, amene adzaonere pa masikirini amene sitinawaonebe. Ndinkafuna kuti adzaone mphini za pa masaya a Ambuya bwinobwino. Pali chinanso chimene chinkandikankha. Mukafufuza zithunzi za Lundazi pa intaneti, chimene chimabwera kwambiri ndi Lundazi Castle, nyumba yooneka ngati linga la mafumu a ku Ulaya, imene inamangidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1940 motsogozedwa ndi bwanamkubwa wachitsamunda Errol Button. Dzina lake limakumbukika. Amene anaumba njerwa ndi kuzisenza sitimva akutchulidwa. Nyimbo zambiri zakale za kuno zimene zinasungidwa pa makina zinajambulidwa ndi alendo monga Hugh Tracey, amene anayenda ndi zipangizo zolemera m'maiko athu ano n'kukhazikitsa International Library of African Music mu 1954, ndipo lero zili ku South Africa. Anachita ntchito yaikulu, koma ankasankha ndi iye. Tsopano makina ali m'manja mwathu, ndiye ndinkaona ngati kutsitsa 4K n'kuwapatsa Ambuya zotsalira.

Msuweni wanga ndiye anadula mlandu. Anayang'ana m'kope mwake n'kunena kuti, "Asuweni, apa pali 31, apa pali 60. Nkhani ya Ambuya ndi yaitali bwanji?" Palibe amene ankadziwa. Nkhani imene yakhala m'mimba mwa munthu zaka 60 siuza wojambula kuti itenga mphindi zingati. Nkhope yooneka bwino kwambiri yokhala ndi nkhani yoduka pakati ndinali nayo kale, ya mphindi 19. Ndinasankha 1080p.

Madzulo a Lachisanu, dzuwa litapendeka, tinajambula zopepuka m'zigawo za mphindi khumi ndi zisanu. Ambuya anatchula mayina a makolo mpaka mibadwo inayi, akusakaniza Chichewa ndi Chitumbuka monga amachitira anthu ambiri kumeneko. Anaimba nyimbo ziwiri za pamtondo, akuombera m'manja m'malo mwa munsi. Pakati pa zigawo ndinkazimitsa kamera, iwo n'kununkhiza fodya wawo. Foni ndinaiika pamphasa pafupi ndi bondo lawo, ikujambula mawu mosalekeza, nditawauza kuti ikumva. Ichi ndikulangiza aliyense: mawu akhale ndi chojambulira chawochawo. Chithunzi chikaduka mukhoza kuphimba ndi china, koma mawu akaduka palibe chophimbira. Za 1964 sindinafunse. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tikudya nsima usiku, Ambuya anafunsa ngati chinthu changa chachira malungo. Ndinawafotokozera za mthunzi, za udzu, za manambala a m'kope. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anati, "Nanga inu munaona ndani akulima masana mwezi uno? Kumunda timapita nkhuku zisanatsike. Dzuwa likafika apa," analoza pamwamba pa nkhokwe, "timabwerako. Chinthu chanucho n'chanzeru kuposa mwini wake, chimadziwa nthawi yoweruka." Onse anaseka. Kenako anati, "Mawa mundidzutse."

Sanadikire kudzutsidwa. Loweruka, kusanache bwino, ndinamva akusesa pakhomo la kakhitchini. Kunja kunali kamphepo kozizira, ndipo kamera inali itagona usiku wonse pansi pa dothi. Ndinaiimika pansi pa denga la udzu, sikirini yotambasula, kachitseko ka batire kotsegula, foni pamphasa. Kuwala kwa m'bandakucha kunali kofewa, kopanda mithunzi yakuda imene dzuwa la masana limaika pansi pa maso. Ambuya anakhala pakhomo ndi lichero la nshawa pamiyendo. Anayamba kusenda, ndipo osandiyang'ana anayambira pomwe anasiyira, pa mkulu wawo.

Zonse zimene ananena sindizilemba pano, chifukwa zina ndi za banja. Mkulu wawoyo anali atalowa mpingo wa Lumpa pamodzi ndi mwamuna wake, ndipo anasamukira kumudzi wa okhulupirira okhaokha. Amuna a Ambuya, agogo anga, anali ndi khadi la chipani. Mphekesera zitafika kuti kukubwera nkhondo, Ambuya anathawira kudambo ndi mwana kumbuyo, n'kugona m'bango masiku angapo, akutseka mwanayo pakamwa ndi bere kuti asalire. Sankadziwa kuti akuthawa anthu a mbali iti, chifukwa mbali zonse ziwiri kunali abale awo. Zinthu zitazizira anamva kuti mkulu wawo wapita ndi gulu lolowera kumpoto. Sanabwerenso, ndipo palibe anabweretsa uthenga wa maliro. Pamudzi dzina lake linasiya kutchulidwa, poyamba chifukwa cha mantha, kenako chifukwa cha chizolowezi. M'mawa umenewo Ambuya analitchula katatu.

Anakamba kwa mphindi 52. Maso anga ankapita pakona ya sikirini pomwe kachizindikiro kaja kamaonekera, koma sikanabwere. Atamaliza anapungula makoko a nshawa pansi n'kunena kuti, "Zimitsani tsopano. Dzuwa lakwera." Thupi la kamera linali lofunda chabe, ngati chikho cha tiyi amene waiwalika.

Kwa inu amene mumadya za kamera, zimene ndinatenga ku Lundazi ndi zochepa ndipo sizifuna ndalama. Mthunzi ndiye woyamba, ngakhale wa ambulera yogwiridwa ndi mwana amene mwamulonjeza fanta. Kamera isakhale yoyaka pamene mukudikira mkwati amene wachedwa maola awiri, chifukwa imakhala ikudya mphindi zimene mudzazifune m'tchalitchi. Isasiyidwe m'galimoto yotseka magalasi kapena m'chikwama chakuda padzuwa. Batire ikatentha isinthanitseni ndi yozizira, ndipo yotupa itayeni kutali ndi moto. Funsani pulogalamu ya mwambo pasadakhale kuti mudziwe pomwe simungalole kuduka, n'kupumitsa kamera mphindi zochepa pamenepo pasanafike. Ndipo musachite manyazi ndi 1080p. Amene anakulembani ntchito adzaonera pa foni, ndipo chimene adzafune n'chakuti mawu a malonjezo akhalemo onse.

Kope lija ndinalisiya kwa msuweni wanga. Anandiuza pa foni kuti wayamba kuyeza zina: madzi a mumtsuko ndi a m'chigubu, nyumba ya malata ndi ya udzu, pogwiritsa ntchito choyezera chimene anabwereka kusukulu. Vidiyo ndinaikopera m'malo atatu, pa kompyuta, pa hadi diraivi imene ili kwa mlongo wanga, ndi pa intaneti, chifukwa kadi nayonso imafa.

Amayi anga anaionera pa foni, atakhala pampando wa m'khitchini kwawo ku Lusaka. Sanafunse kuti ndi 4K kapena ayi. Pofika pa dzina lija anandiuza kuti ndibwezere m'mbuyo, n'kulilemba kuseri kwa envulopu. Anali asanadziwe kuti anali ndi mayi wamkulu. Ambiri mwa a Lumpa amene anawoloka malire anakakhala ku Mokambo, pafupi ndi Mufulira, ndipo ena anabwerera ku Zambia patapita zaka. Amayi ali ndi mnzawo wa kutchalitchi amene kwawo ndi ku Mufulira. Anamuimbira usiku womwewo, n'kumuwerengera dzinalo pang'onopang'ono, kuti akafunse kwa achikulire a kumeneko.